Sakura wamasula kuno ku Kyoto

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana. Kuno ku Japan chisanu chatha, ndipo mitengo ya sakura ija unkandifunsa yamasula.

M'nyengo yozizira imakhala mitengo wamba, yopanda ndi tsamba lomwe. Kumapeto kwa Malichi maluwa amatsogola masamba asanaphuke, oyera mofiirira pang'ono, mtengo wonse mbuu! Anthu amaidikira ngati mmene ife timadikirira mvula yoyamba. Ku Tokyo, pa kachisi wa Yasukuni, pali mtengo umene akadaulo a zanyengo amauyang'anira. Maluwa asanu kapena asanu ndi limodzi akamasula pamtengowo, amalengeza kuti nyengo yayamba.

Loweruka anzanga a kusukulu ananditengera m'mbali mwa mtsinje wa Kamo kukachita hanami, kutanthauza kuona maluwa. Tinayala lona wa buluu, kuvula nsapato, n'kukhala pansi. Tinadya sakuramochi, kakeke ka mpunga kokulunga m'tsamba la sakura lothira mchere, ndipo tsambalo umadyera kumodzi. Mwambowu si wa lero. Mfumu Saga inachita phwando lotere mumzinda uno m'chaka cha 812.

Koma chimene chandigwira mtima ndi kusakhalitsa kwake. Mitengo yambiri ndi ya mtundu wa Somei Yoshino, umene amauchulukitsa pomezanitsa nthambi, choncho ya dera limodzi imamasulira pamodzi n'kuyoyokanso pamodzi. Sabata imodzi, mwina masiku khumi, basi. Anthu kuno sadandaula nazo, amati kukongola kwake kwagona pomwepo. Epulo ndi mwezinso umene sukulu zimatsegulira chaka ndipo achinyamata amayamba ntchito, ndiye maluwawa amayoyokera anthu amene akutsanzikana ndi ena amene akungodziwana kumene.

Pafupi nafe panakhala agogo ena aakazi, okhaokha. Anaimika chithunzi cha bambo wachikulire pansalu, n'kuthira tiyi m'makapu awiri. Mphepo itaomba, duwa lina linagwera m'kapu yachiwiriyo. Sanalichotse. Iwe, misozi inandilengeza m'maso. Ndinakumbuka jakaranda wa mu Okutobala ku Blantyre, mmene tinkamupondera pothamangira minibasi osakweza ndi maso omwe.

Ndakutolera maluwa atatu, ndawapanikiza m'buku kuti aume. Ndidzabwera nawo pa tchuthi. Upereke moni kwa amayi.

Ine mnzako wa ku Kyoto