Kwa eni shopu ya ma modelo ku Limbe: ndibwezereni ndalama zanga

Abwana, eni shopu yoitanitsa ma modelo a ndege ndi penti ku Limbe kuja, ndakulemberani poyera pano chifukwa ku WhatsApp mauthenga anga mukungowawerenga, yankho zii. Dzina la shopu sinditchula lero. Mwini wake mukudzidziwa.

Cha kumayambiriro kwa nyengo yozizira ija ndinakutumizirani K187,500 pa foni. Kit (tizidutswa ta pulasitiki tolumikiza kuti tipange ndege) ya Fokker Dr.I ya sikelo ya 1/48 (yochepa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni) munati K96,000, mabotolo atatu a penti K54,000, pepala la ma decal (zizindikiro zomata pa ndege) K37,500. Ndinalemba momveka kuti ndikumanga ndege ya nambala 152/17, imodzi mwa ndege zomwe Manfred von Richthofen, woyendetsa ndege za nkhondo wa ku Germany wotchedwa Red Baron, ankauluka nazo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kumayambiriro kwa 1918, ndi zithunzi zomwe ndinatumiza. Munayankha kuti "osadandaula bwana, timazidziwa izi."

Patapita masabata angapo munaimba kuti katundu wafika kuchokera ku Joni. Ndinanyamuka ku Zomba m'mawa, ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera K14,000. Kit inali yomweyo, pamenepo ndilibe mawu. Koma penti! RLM 70, RLM 71 ndi RLM 65. Ma decal ake a ndege ina, Messerschmitt Bf 109, komanso a sikelo ya 1/72, timitanda tochepa moti pa phiko la 1/48 tingaoneke ngati taphonya ndege.

Katundu kusokonekera panjira zimachitika, ndipo mukanangopepesa sindikanafika pa Facebook. Chandipsetsa mtima ndi mnyamata wanu wa pa kauntala, wamtali uja, amene foni siichoka kumanja. Ndikumufotokozera, iye maso ali pa foni, kenako n'kunena kuti, "Madala, ndege ya Ajeremani ndi ya Ajeremani basi. Kapenteni, mwana azikasewera." Nditati si ya mwana, ndi yanga, anayang'ana mnzake n'kuphulika kuseka. Anawonjezera kuti ya Red Baron ija n'njofiira, ndipite ku hardware ndikagule red oxide. Munali makasitomala ena mmenemo, kuphatikizapo mayi wina ndi ana ake. Munthu wa imvi zanga kusekedwa ndi mwana wobadwa dzulo, pa ndalama zanga zomwe, pamaso pa anthu.

Popeza katswiri wanuyo analibe nthawi yondimvera, mumuwerengere izi akamaliza zake za pa foni. RLM ndi chidule cha unduna wa zandege wa ku Germany womwe unakhazikitsidwa mu 1933. Mitundu ya penti ya manambala amenewo ndi ya ndege za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Richthofen anaphedwa pa 21 April 1918 kufupi ndi mtsinje wa Somme ku France, kudakali zaka 15 kuti undunawo ubadwe. Ndiye munandigulitsa penti yomwe mwini ndegeyo sanaionepo ndi maso. Fokker Dr.I inkatuluka ku fakitale thupi lake ndi mapiko zili zokutidwa ndi nsalu, pamwamba atakokapo ndi burashi penti yobiriwira moderako, mizeremizere, pena yakuda pena yopepuka mpaka nsalu kuonekera, kunsi kwake buluu wotuwira. Mizere imeneyo ndiyo ntchito yonse ya modeloyi. Umayamba ndi mtundu wa nsalu, uume, kenako n'kumakoka wobiriwirawo pang'onopang'ono ndi burashi yoti yatsala pang'ono kuuma. Ukathira RLM 70 yakuda bii ija, waipha ndege.

Za red oxide zija, ndithokoze uphungu waulere. Koma 152/17 sinali yofiira thupi lonse. Kufiira kunali pa phiko lapamwamba, pa chivundikiro cha injini, pa mawilo ndi chakumchira, kwina konseko mizere ya ku fakitale inkaoneka. Yofiira paliponse inali 425/17, imene anafera nayo. Ndinasankha dala 152/17 chifukwa cha kusakanikirana kumeneko, komanso chifukwa ndege yeniyeniyo kulibenso. Inasungidwa ku Zeughaus, nyumba yosungiramo zinthu zakale mu Berlin, mpaka inawonongeka pa nkhondo yachiwiri. Zotsala ndi zithunzi zopanda mtundu basi, n'chifukwa chake ife omanga timakangana mpaka usiku pa kamtundu kamodzi.

Nanga mitanda? Mnyamata wanu anati mtanda ndi mtanda. Mpaka kumayambiriro kwa 1918 ndege za Ajeremani zinkanyamula mtanda wa Eisernes Kreuz, wa mikono yotambasuka kumapeto. Mu March chaka chimenecho kunatuluka lamulo loti asinthire ku Balkenkreuz, wa mikono yowongoka, ndipo amakaniko ankangopenta watsopano pamwamba pa wakale komweko ku mabwalo a ndege. Choncho mtanda wokha umakuuza nthawi yomwe modelo ikuimira. Ine ndinaitanitsa wotambasuka uja. Inu mwandipatsa wa ndege ya nkhondo ina, ya zaka zoposa 20 kutsogolo. Anzanga mukuwerenga panonu, tandiuzeni, mutatuma munthu chambo iye n'kubwera ndi usipa, n'kumati nsomba ndi nsomba, mungamupatse ndalama ya chambo?

Nditapempha kuti andibwezere ya penti ndi ma decal, anandilozera kapepala komata pakhoma koti katundu akatuluka sabwezedwa. Katundu wake uti watuluka? Mabotolo ndinawasiya pa kauntala pomwepo osatsegula, ma decal ali m'pulasitiki mwake. Ndinatenga kit yokha. Ndiye pano ndalama zili kwa inu, katundunso ali kwa inu, ine ndili ndi ndege ya pulasitiki yotuwa pa tebulo. Bizinesi yokoma zedi imeneyi, abwana. Ndinafunsa za inu, akuti mwatuluka. Sabata yotsatira, mwatuluka. Mumalowako liti kodi?

Ndipo musaganize kuti ndine ndekha. Ife okonda zimenezi m'Malawi muno ndife ochepa, koma timadziwana tonse, kuyambira ku Mzuzu mpaka ku Blantyre, ndipo gulu lathu la pa WhatsApp limakamba za yemwe akugulitsa bwino ndi yemwe akudya ndalama za anthu. Ndinali nditakuuzani kale kuti ikatha iyi ndiitanitsa Albatros D.Va ndi ma decal a lozenge a mitundu isanu, nsalu yosindikizidwa ija imene ankakutira mapiko. Iwalani zimenezo. Ndikuopa mungandibweretsere chitenje n'kunena kuti nsalu ndi nsalu.

Ndikufuna K91,500 ya penti ndi ma decal, kuphatikiza K14,000 ya ulendo womwe munandiyendetsa pachabe. Yonse pamodzi K105,500, pa nambala yomwe ndinatumizira ija. Musanditumizire penti ina, sindikukhulupiriraninso. Mnyamata wanuyo aimbe foni apepese ndi pakamwa pake, osati ka meseji. Likafika Lachisanu madzulo ndalama isanalowe, ndiika pano dzina la shopu, lisiti, ndi zithunzi za macheza athu onse kuphatikizapo "timazidziwa izi" uja, kenako Lolemba ndikasiya dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi chithunzi cha kapepala kanu ka pakhoma kaja. Ndinakajambula.