Tipatseni tsamba la makomiki a kwathu

Akonzi,

Tikupempha kuti nyuzipepala yanu izipatula theka la tsamba sabata iliyonse, muzisindikizapo nthano zazithunzi, zija ana akuzitcha makomiki, zojambulidwa ndi achinyamata akwathu konkuno. Kuno ku Mangochi ojambula alipo ndipo dzanja ali nalo. Chimawagwetsa ndi kamangidwe ka nthano ndi kasindikizidwe kake. Tiloleni tiwafotokozereko kudzera mwa inu.

Tiyambe ndi kusandulika, poti mpomwe owerenga amadikirira. Munthu wamba akamasanduka chilombo kapena ngwazi, pamafunika lamulo: chimamusandutsa n'chiyani, amakhala choncho mpaka liti, ndipo akabwerera umunthu amavutika ndi chiyani. Hulk, munthu wa m'makomiki wosanduka chimphona, amene Stan Lee ndi Jack Kirby anamutulutsa ku America mu 1962, poyamba ankasandulika dzuwa likalowa, zoti mkwiyo ndiwo umamusandutsa zinakhazikika pambuyo pake. Wojambula wa ku Makanjira akafuna msodzi wosanduka ng'ona, asankhe lamulo limodzi, kaya ndi kukhudza madzi a mu Shire usiku, ndipo asalisinthe nthano ili pakati. Ngwazi ikamasandulika paliponse pamene wolemba wapanikizika, owerenga amasiya kuiopera, chifukwa amadziwa kuti ipulumuka basi.

Kusandulikako kusachitike m'bokosi limodzi, kutanthauza m'chithunzi chimodzi cha patsamba. Pafunika mabokosi atatu kapena anayi: loyamba dzanja lokha lili pankhafi, khungu likuyamba mamba, lachiwiri diso, kamwanadiso katasongoka, lachitatu malaya akung'ambika pamsana. Thupi lonse lionekere owerenga akatembenuza tsamba. M'buku masamba a nambala 2, 4, 6 amakhala kumanzere, ndiwo amabisika mpaka munthu atatembenuza, choncho chodabwitsacho chiikidwe pamenepo. Chikaikidwa kumanja, diso limathamangirako lisanawerenge n'komwe za kumanzere.

Mdani ndiye amavuta kwambiri. Ambiri amajambula chimunthu cha mano akuthwa chongoseka kuti chiwononga dziko. Chiwononge dziko kuti chipindulenji? Tambwali weniweni amakhala ndi chimene akufuna, njira yochipezera, ndi pamene waiwala kutseka. Mwachitsanzo, mwini maboti amene amapha nsomba nyengo yotseka nyanja, amatumiza anyamata usiku ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, masana n'kumatsogolera msonkhano wodandaula kuti chambo chatha ku Malombe, mlandu akuukankhira kwa asodzi a bwato limodzi. Owerenga aone chiwembucho msanga, ngwaziyo isanadziwe. Chimene chidzamugwiritse, kaya ndi chingwe cha mtundu wake wokha chimene chatsalira pagombe, chionekere mwakachetechete m'masamba oyambirira, chisamangotulukira kumapeto.

Pano tichenjeze. Nkhani zoti wakuti amasanduka fisi kapena ng'ona m'midzi mwathu muno si zoseweretsa, agogo ena anaphedwapo chifukwa chonamiziridwa ufiti. Chonde mdani asakhale nkhalamba ya m'mudzi, kapena munthu wachialubino, kapena wolumala. Mphamvu zake zichokere kwina, ku mankhwala otayidwa m'madzi, ku makina, ku mwala wogwa kuchokera kumwamba.

Tsopano za pepala, kwa ofuna kudzisindikizira kabuku okha. Kabuku kopinda pakati kamafuna masamba ogawika ndi 4. Mapepala anayi a A4 opindidwa pakati amapereka masamba 16 a A5, kuphatikizapo chikuto. Jambulani tsamba lililonse pa A4 yathunthu, pochita fotokope muwauze alichepetse kufika pa 71 peresenti, mizere yonjenjemera imaoneka yowongoka ikachepa. Poyala masamba, 16 akhale kumanzere ndi 1 kumanja, kuseri kwake 2 ndi 15. Pepala lachiwiri 14 ndi 3, kuseri 4 ndi 13, mpaka kufika pa 8 ndi 9 pakatikati. Nambala ziwiri zoyandikana zikaphatikizidwa zizikwana 17. Zikapanda kukwana, mwasokoneza, ndipo ngwazi idzapambana nkhondo isanayambe. Siyani sentimita imodzi ndi theka m'mphepete monse, chifukwa makina sagwira mpaka kumapeto kwa pepala. Mapini awiri a sitepula pamsana akwanira.

Pensulo ndi yoyambira chabe. Dutsitsanimo inki yakuda, idikireni iume, kenako fufutani pensuloyo. Mthunzi wopaka ndi chala umatuluka mabangamabanga pa fotokope, ndipo bolopeni yabuluu imazimirira. Mthunzi upangidwe ndi timizere toyandikana. Ngakhale Hulk yemweyo anayamba ali wotuwa, koma osindikiza analephera kutulutsa mtunduwo mofanana tsamba ndi tsamba, ndiye m'kope lachiwiri anamusandutsa wobiriwira. Ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala, ikani kapepala kena pansi pa dzanja, apo ayi thukuta lidzamwaza inki.

Mawu azilembedwa kaye, baluni yowazungulira ijambulidwe pambuyo. Mawu a Chichewa ndi aatali. "Sindidzakukhululukiraninso" yekha amadzaza mzere wonse. Baluni imodzi isapitirire mawu khumi kapena khumi ndi awiri, zilembo zikhale zazikuluzikulu zotalika mamilimita asanu kuti zikachepa ziwerengeke. Woyamba kulankhula aime kumanzere kwa bokosi. Phokoso nalo tisabwereke: munthu akagwa m'madzi ndi chubwi, chibakera ndi phwa, wagwa pansi ndi khu. Msodzi wa ku Malindi akaponyamo mawu a Chiyao, asiyeni, ndi mmene anthu amalankhulira pagombe.

Malo azidziwika. Mlatho wa Bakili Muluzi, nsanja ya wotchi ija ya pa boma, mathandala oyanikapo usipa, nyali za asodzi zili ngwee panyanja usiku, izi wojambula apite akazione ndi maso n'kuzijambula pomwepo, asatengere misewu ya m'mafilimu.

Kwa inu akonzi, theka la tsamba limakwana mizere iwiri ya mabokosi atatu kapena anayi. Muzilandira nthano pokhapokha wojambula atapereka magawo asanu ndi atatu omalizidwa, kuti isadukire panjira, ndipo mulembe poyera ndalama imene muzilipira pagawo lililonse ndi kuti mwini wa ngwaziyo akhalabe wojambulayo.

Ife,
Okonda zojambula,
Mangochi