Kalata kwa Tadala: foni ikalira amayi kulibe

Wokondedwa Tadala,

Ndine azakhali ako kuno ku Domasi. Tonse tili bwino, kaya inu ku Chinamwaliko? Amayi ako andiuza kuti masiku ano akamapita ku msika waukulu wa Zomba amakusiyira foni yamabatani ija kuti uziyankha. Ndiye kuti akukudalira, mwanangu. Tamvera tsono.

Munthu woyimba foni ali ngati mlendo amene waima pakhomo n'kunena kuti "Odi!" Kungoti iyeyu sakukuona. Ngakhale ugwade, ngakhale upinde manja, iye sadziwa. Ulemu wako wonse aumvera m'mawu basi.

Ukayankha, unene kuti "Halo, zikomo," kenako upereke moni: "Mwadzuka bwanji?" ukakhala m'mawa, "Mwaswera bwanji?" likakhala dzuwa lapendeka. Osayamba ndi "Ndani?" Mawu amenewa amabaya m'khutu, makamaka akachokera kwa mwana. Ngati mawuwo sukuwazindikira, dzitchule kaye iweyo: "Ndine Tadala, mwana wawo. Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

Apa ndiye ndikufuna umvetsetse. Pa foni aliyense ndi "inu" mpaka utamudziwa. Mawu amanyenga, ukhoza kuganiza kuti ndi mnzako wa ku sukulu, pamene ndi abusa kapena aphunzitsi ako. Ndiye usati "Ukufuna ndani?" koma "Mukufuna kulankhula ndi ndani?" Usati "Dikira" koma "Dikirani pang'ono." Ponena za makolo akonso chimodzimodzi: "Amayi atuluka, abwera masana." Ana ena ndimawamva akuti "Mayi watuluka," ngati akunena za kamwana kanzawo. Zimenezo kwathu ayi. Ngati sunamve bwino, poti netiweki imavutavuta kuphiri kwanuko mvula ikamagwa, usakuwe kuti "Chiyani?" kapena "Aa?" Unene kuti "Pepani, sindinamve. Mubwerezenso."

Si zonse za m'nyumba zonenera pa foni. Amayi akakhala kubafa kapena kuchimbudzi, "Atanganidwa pang'ono" ndi zokwanira. Ndipo ukamakawaitana usakuwire m'foni momwemo. Ichotse kukamwa, uyende nayo, uwapatsire ndi manja awiri. Uchite changu, chifukwa mayunitsi a munthuyo akutha iwe ukamazengereza. Ukaona nambala yoyamba ndi +27, ameneyo ndi wa ku South Africa, mwina abambo ako aang'ono a ku Joni, ndipo kuyimba kuchokera kumeneko n'kodula. Si nthawi yowafotokozera za mwana wa mphaka wanu uja, pokhapokha afunse okha.

Akakusiyira uthenga, uubwereze iwo akumva: "Mwati msonkhano wa mvano ndi Lachinayi, 2 koloko?" Kenako ulembe m'kope, ndi dzina la woyimbayo. Uli Sitandade 4 tsopano, kulemba ukutha. Koma uthenga ukakhala wa matenda aakulu kapena wa maliro, umenewo si katundu wa mwana. Uwapemphe adikire, uthamange ukaitane munthu wamkulu, ngakhale aneba.

Tsono pali anthu ena oyimba mwaulemu kwambiri koma ali akuba. Amati, "Ndatumiza ndalama molakwika pa Mpamba wanu, mundibwezere," kapena amanama kuti akuyimba kuchokera ku kampani ya foni ndipo mwawina mphoto. Ena amafunsa nambala yachinsinsi ya Airtel Money, kapena amakuuza kuti udine manambala akutiakuti. Usadine kalikonse, usawerenge meseji iliyonse yomwe yalowa, ndipo usawauze kuti uli wekha pakhomo. Ungoti, "Pepani, muyimbenso akuluakulu akabwera," n'kudula. Apa pokha ndakuloleza kudula foni munthu wamkulu asanamalize. Kwa ena onse, utsanzike kuti "Zikomo, tsalani bwino," ndipo udikire adule okha.

Wina akangoflasha, usamuyimbire. Mayunitsiwo ndi a amayi ako, adzaona okha akabwera.

Ndidzayimba Loweruka m'mawa, ndipo ndawauza amayi ako kuti adzakupatse iweyo uyankhe. Undiperekere moni kwa abambo ako ndi kwa achimwene ako, uwauze kuti mbatata ija ndidzabwera nayo mwezi ukatha.

Ndine azakhali ako okukonda,
Nachisale