Kalata kwa Makasitomala Athu: Tasintha Kagulitsidwe ka Ma TV

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukulemberani kalatayi pofuna kukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa tisintha kagulitsidwe ka wailesi za kanema m'sitolo yathu ino ya ku Mzuzu. Sitidzagulitsanso TV ili chitsekere m'katoni. TV iliyonse tidzayamba taitulutsa, kuiyatsa inu mukuona, kuilumikiza ku dikoda ndi ku kompyuta, ndipo pa lisiti lanu tidzalemba ndi dzanja lathu mlingo weniweni wa galasi lake, kaya ndi HD Ready, Full HD kapena 4K. Tasiyanso kuitanitsa ma TV achikale otupa kumbuyo aja, pamodzi ndi ma TV a kaunjika amene sitikudziwa kumene achokera.

Ambiri mwa inu mwakhala mukugula kwa ife kwa zaka zambiri, choncho n'koyenera kuti tikuuzeni chimene chatifikitsa pamenepa, ngakhale kuti nkhani yake ndi yotichititsa manyazi.

M'dzinja lapitali tidalandira katundu kuchokera kwa wamalonda wina amene tinkamukhulupirira. Pa katoni iliyonse padalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti Full HD, ndipo ife tidakhulupirira katoniyo monga momwe inunso mukadachitira. Bambo ena a ku Chibavi adagula imodzi ya mainchesi 43. Patangotha sabata imodzi adabwera nayo, atakulunga galasi lake m'bulangeti, mwana wawo atagwirira mbali ina. Sadakalipe. Adangotipempha kuti tiyatse nkhani, kenaka adaloza ndi chala mawu aja amayenda m'munsi mwa galasi, n'kutifunsa ngati vuto lili m'maso mwawo kapena mu TV. Zilembozo zinkaoneka ngati zalembedwa ndi inki pa pepala lonyowa. Titailumikiza ku kompyuta tidapeza kuti galasi lake silidali la Full HD, ndipo titatsegula makatoni otsalawo tidapezamo enanso angapo otere. Bambowo tidawabwezera ndalama zawo zonse ndipo wamalonda uja tidasiyana naye, komabe mtima sudakhale pansi, chifukwa tidazindikira kuti kulakwa kudali kwathunso: tidagulitsa chinthu chimene ife eni tidali tisadachione ndi maso. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo katoni ya TV masiku ano yafikadi pamenepo.

Tifotokoze tsono tanthauzo la mawu amene mudzawapeze pa lisiti. Chithunzi cha pa TV yafulati, imene ambiri timangoitcha pulazima ngakhale kuti makampani akuluakulu monga Panasonic, Samsung ndi LG adasiya kupanga pulazima yeniyeni mu 2014, chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere. Timadonthoto tikachuluka, chithunzi chimaoneka bwino. TV ya HD Ready kawirikawiri imakhala ndi timadontho 1366 chopingasa ndi 768 chotsika, ndiye kuti tonse pamodzi timangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ya Full HD imakhala ndi 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ya 4K imakhala ndi 3840 ndi 2160, kuwirikiza kanayi ya Full HD. Mawu akuti HD Ready ndi amene amasokoneza anthu kwambiri. Chizindikirochi chidayamba kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya mu 2005, ndipo chimatanthauza kuti TV ikhoza kulandira chithunzi cha HD n'kuchionetsa. Sichikutanthauza kuti idzaonetsa timadontho tonse ta Full HD. Ikalandira chithunzi cha 1080 imachichepetsa kuti chikwane pa galasi lake.

Musamve ngati tikunena kuti HD Ready ndi yachabe. Maganizo athu ndi akuti pa TV ya mainchesi 32 kapena yocheperapo, HD Ready ndi yokwanira ndithu, ndipo munthu amene wakhala pampando mamita awiri kuchokera pa galasi savutika nayo. Amene ali ndi chipinda chochezera chaching'ono asaumirizidwe kulipira ndalama zambiri pa zinthu zimene diso lake silidzazisiyanitsa. Vuto limayamba galasi likakula. Timadontho tomweto tikamwazidwa pa mainchesi 43 kapena 50, kalikonse kamakula, ndipo m'pamene zilembo zimayamba kuoneka zosalongosoka ndiponso mpira umaoneka ngati uli ndi mthunzi. Pa chifukwa chimenechi, kuyambira mwezi wamawa TV iliyonse ya mainchesi 40 kupita m'tsogolo imene tidzagulitse idzakhala ya Full HD kapena yoposa apo. Za 4K tidzakhala nazo zochepa, ndipo tidzayamba takufunsani chimene mudzaonerepo, popeza kugula 4K pamene dikoda yanu sitha kutumiza chithunzi choterocho n'kulipirira chinthu chimene simudzachigwiritsa ntchito.

Pa za kukula, dziwani kuti mainchesi amayezedwa kuchokera pa kona ya m'munsi kufika pa kona ya m'mwamba ya mbali inayo. Mainchesi 32 ndi masentimita pafupifupi 81, mainchesi 43 ndi pafupifupi 109, ndipo mainchesi 55 ndi pafupifupi 140. Tepi yoyezera idzakhala pa kauntala, ndipo muli ndi ufulu woyeza nokha, chifukwa taonapo makatoni amene amawonjezera mainchesi powerengera ndi pulasitiki ya m'mphepete. Musanabwere, yezaninso kutalika kwa pakati pa mpando wanu ndi khoma limene mukufuna kuikapo TV. Mukatiuza mamita amenewo, kukuthandizani kusankha sikudzativuta.

Pali nkhani ina imene yatidandaulitsa nthawi yaitali, ndiyo ya chingwe. Kangapo konse makasitomala abwera kudzatiuza kuti TV yatsopano ikuonetsa moipa kuposa yakale ija adaisiya. Tikapita kunyumba kwawo, kaya ku Zolozolo, ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa, timapeza kuti kuseri kwa TV yabwinobwino kwalumikizidwa chingwe chakale chija cha mitu itatu, wachikasu, wofiira ndi woyera. Chingwe chimenechi sichinyamula chithunzi cha HD mpang'ono pomwe. Chimanyamula chithunzi cha mizere 576 chokha, ndipo TV yaikulu ikachitambasula kuti chidzaze galasi lonse, zofooka zimene TV yakale yaing'ono inkabisa zimaonekera poyera. Chofunika ndi chingwe cha HDMI, chimene chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Kuyambira tsopano tidzapereka chingwe cha HDMI ndi TV iliyonse popanda kuwonjezera mtengo, ndipo tidzakuonetsani bowo lake kuseri kwa TV ndi batani la pa rimoti losankhira HDMI. Musanyengedwe kuti chingwe chodula kwambiri chimaonetsa bwino koposa. Pa mtunda waufupi wa pakati pa dikoda ndi TV, chingwe chabwino wamba chimagwira ntchito mofanana. Tikukulangizani kuti musankhe TV yokhala ndi mabowo a HDMI osachepera awiri, kuti tsiku limene mudzafune kulumikiza laputopu musachite kuzula dikoda.

Ngakhale chingwe chikhale cholondola, TV singapange HD payokha. Dikoda iyenera kukhala ya HD, ndipo tchanelo chimene mukuoneracho chiyenera kuulutsidwa mu HD. Si matchanelo onse amene amatero, n'chifukwa chake mungaone mpira wa ku England ukuwala bwino, koma mukasintha tchanelo chithunzi n'kufooka. Pamenepo TV sidalakwe. Ngati muli ndi dikoda kale, kaya ya Kiliye Kiliye, GOtv, DStv kapena Azam, tikukupemphani kuti mubwere nayo kapena mujambule kumbuyo kwake ndi foni, kuti tione ngati ili ndi bowo la HDMI musanawononge ndalama.

Mukukumbukira kuti pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999, eriyo ndi TV zokha zinali zokwanira. Zinthu zidasintha dziko lathu litalowa mu kaulutsidwe ka digito, potsata mgwirizano wa maiko pansi pa ITU, bungwe loona za mauthenga ndi kaulutsidwe pa dziko lonse, umene udaika 17 Juni 2015 ngati tsiku losiyira kaulutsidwe kakale m'maiko ambiri a kuno ku Africa. Malawi idasankha njira yotchedwa DVB-T2. Ma TV onse amene tidzagulitse adzakhala olandira njira imeneyi, ndipo tidzalemba zimenezi pa lisiti. Komabe dziwani kuti matchanelo otsekedwa kapena olipira amafunabe dikoda ya eni ake, ngakhale TV ikhale ya DVB-T2. Apa m'pamene tiyenera kuchenjeza amene amatumiziridwa TV ndi abale akunja. Ya ku America ndi ya ku Japan zidapangidwira njira zina za kaulutsidwe, choncho sizigwira matchanelo a kuno kudzera pa eriyo, ngakhale zimatha kuonetsa kudzera pa dikoda ndi HDMI. Zina mwa izo zidapangidwiranso magetsi a mavoti 100 kapena 120, pamene a ESCOM ndi a mavoti 230. Musanailowetse pa soketi, werengani kapepala komatidwa kumbuyo. Ngati sipadalembedwe kuti imalandira mpaka mavoti 240, musaiyatse, bwerani nayo tidzaione.

Nkhani ya magetsi ndi imene imatipweteka mtima kwambiri kuno ku Mzuzu. Ma TV ambiri amene amabwera ku benchi yathu yokonzera sadafe ndi ukalamba. Adapsa magetsi atabwerera mwamphamvu pambuyo pothima, kapena mphezi itagunda pafupi n'kulowera pa chingwe cha eriyo kapena cha dishi. Mukudziwa nokha momwe mvula ya kuno imagwera, ndiponso kuti imachedwa kusiya poyerekeza ndi madera ambiri a m'dziko muno. Galanti ya opanga TV kawirikawiri sikhudza kupsa kotere, ndipo kale tinkangotchula zimenezi pakamwa, ena n'kuiwala, kenaka n'kukhumudwa tsiku la tsoka. Tsopano tidzazilemba pa lisiti, ndipo tidzakulangizani kugula kachipangizo kotetezera TV, kaja kamadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri ndi kudikira pang'ono asanalowe akabwerera. Sitidzakukakamizani, koma mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa TV. Ngakhale muli nako, ziphaliwali zikayamba zulani pulagi pakhoma ndi chingwe cha eriyo chomwe, pakuti palibe kachipangizo kamene kangaimitse mphezi yogunda pafupi. Kwa inu a ku Ekwendeni, ku Rumphi ndi kumidzi ina amene mumadalira sola, tipitiriza kusunga ma TV ang'onoang'ono oyendera mavoti 12 kuchokera ku batire, ndipo tidzakuonetsani mawati amene iliyonse imadya kuti muwerengere ngati batire lanu lingaifikitse kumapeto kwa mpira.

Za Smart TV tingonena mwachidule. Mawuwa akutanthauza kuti TV imalowa pa intaneti, osati kuti chithunzi chake n'chabwino koposa. Kuonera kanema wa HD pa intaneti kukhoza kudya magigabaiti atatu pa ola limodzi, choncho amene amagula bando ya pa foni aganizire bwino asanawonjezere ndalama pa zimenezi.

Kusinthaku kuli ndi zovuta zake, ndipo sitikubisirani. Kugula TV kudzatenga pafupifupi theka la ola, chifukwa tidzaonetsa galasi lonse loyera, kenaka lakuda, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, kuti ngati pali kadontho kakufa kapena malo owala mosiyana tiwaone tonse muli pomwepo. Loweruka ndi kumapeto kwa mwezi, pamene anthu amachuluka, mwina mudzadikira pang'ono, ndipo tikupempha kuti mutipirire. Tikudziwanso kuti ena amakonda kulandira katoni yosatsegula, makamaka ikakhala mphatso ya paukwati. Tidzailongedza bwino monga idabwerera ndi kuimata inu mukuona. Mitengo ya ma TV aakulu idzakwera pang'ono poyerekeza ndi imene mudazolowera kwa ife, popeza otchipa okayikitsa aja tawachotsa pa shelefu.

Ponyamula, TV yafulati iyende choimirira, isagonekedwe, ndipo pasasanjikidwe kanthu pamwamba pake. Galasi lake ndi lopyapyala, ndipo likagonekedwa pa keriyala ya sakramento kapena pansi pa katundu mu minibasi, bampu imodzi ikhoza kulithyola m'kati popanda chizindikiro kunja. Galasi likasweka, kulisintha kumadya ndalama zoyandikira mtengo wa TV yatsopano. Okhala m'kati mwa mzinda tidzakuperekerani kunyumba ndi kukulumikizirani, ndipo ofuna kuipachika pakhoma tidzayamba taona ngati khomalo ndi lolimba ndiponso losalowa chinyezi.

Amene mudakali ndi ma TV achikale otupa kumbuyo, sitikukutayani. Tipitiriza kuwakonza malinga ngati zipangizo zake zikupezeka, ngakhale kuti zikusowa chaka ndi chaka, ndipo tikaona kuti kukonza kukudyerani ndalama pachabe tidzakuuzani poyera tisanayambe ntchito.

Pomaliza tili ndi pempho kwa aliyense amene adagula kwa ife TV ya mainchesi 40 kapena kuposa apo m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi. Bwerani nayo, kapena tiuzeni tibwere kwanu, kuti tiiyeze kwaulere. Tikapeza kuti galasi lake si la mlingo umene udalembedwa pa katoni, mudzasankha nokha pakati pa kusinthitsa ndi ina yoyenera kapena kulandira ndalama zanu. Ngati lisiti lidatayika musadandaule, dzina lanu ndi tsiku limene mudagula zili m'buku lathu la malonda.

Ife anu okutumikirani,

Eni sitolo ndi antchito onse
Mzuzu