Ndinawakana achimwene anga mu lesitilanti ku Joni

Alangizi,

Nthawi ino ndi cha m'ma 1 koloko usiku. Ana agona, bambo awo akuliza mkonono ngati palibe chinachitika, ine ndakhala pa mpando wa kukhitchini ndi foni m'manja. Ino ndi sabata yachitatu chibwerereni ku Joni ndipo tulo sindikutiona. Chonde musalembe dzina langa kapena dera lomwe ndimakhala, mungoti mayi wa ku Blantyre.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si munthu wonyada. Aliyense wondidziwa akhoza kukuuzani. Ndimachita geni ya zovala za ana, nsapato ndi mabulangete, ndipo ku Joni ndayendako zaka zinayi tsopano. Ndimakwera basi pa Wenela, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, masiku awiri pamsewu, kukafika pa Park Station mapazi atatupa ngati mikate. Chakudya cha paulendo ndimanyamula kunyumba, nkhuku yokazinga ndi buledi. Ndikafika ndimadya m'timalo ta pafupi ndi siteshoni, nsima yawo ija amati pap ndi kachidutswa ka nyama, nditaimirira, chikwama ndili nacho pakati pa miyendo. Mu lesitilanti yoyala nsalu patebulo ndinali ndisanalowemo, chifukwa randi iliyonse yomwe ndili nayo imakhala mpamba, ndipo mukudziwa mmene ndalama yakunja ikuvutira kupeza chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa mayi athu, anapita ku Joni mu 2012 bambo atangomwalira. Fizi yanga ya Fomu 3 ndi Fomu 4 analipira ndi iwowo. Nyumba ya malata yomwe mayi akugonamo ku Balaka anamanga ndi iwowo. Pa chinkhoswe changa anabwera atavala suti, nkhoswe yanga ndi iwowo, ana anga amawati amalume. Zaka zonsezi kumudzi timadziwa kuti ndi manijala wa lesitilanti ina ku Rosebank. Ananena okha zimenezi, sindinapeke ine. Mayi amauza aliyense kutchalitchi. Ndikapita ku Joni amabwera kudzandiona pa siteshoni atavala jekete, atandinyamulira chakudya m'timabokosi tolembedwa dzina la malowo, koma kuntchito kwawo sananditengereko ngakhale kamodzi. Ankati eni ake salola achibale. Ine ndinkakhulupirira. Nanga ndikanakayika bwanji munthu amene anandiphunzitsa sukulu?

Ulendo uno bambo akunyumba ananditsatira chifukwa ankafuna zipangizo za galimoto limodzi ndi anzawo ena. Anzawowo anapita pandege ndi akazi awo, ife pabasi. Mayi amenewa, alangizi, sindikufuna kuwanena, koma ndi munthu woti simungamalize chiganizo asanakuuzeni kuti ku Dubai anadya chakuti, ku Cape Town anagona pakuti. Tsiku lonse tikuzungulira m'mashopu ku Fordsburg ankandifunsa kuti, "Ndiye inu mukabwera kuno mumadya kuti?" Anafunsa katatu konse, akudziwa bwino yankho lake. Kachitatuko ndi pomwe ndinatulutsa mawu aja. Ndinati achimwene anga ndi manijala wa lesitilanti ku Rosebank, ndikafuna ndimadya kumeneko. Theka lachiwirilo linali bodza langa, ndikuvomera. Basi iwo anangoti, "Aa, ndiye madzulo ano tikadye komweko, mwina atichotserako mtengo."

Ndinaimba foni kanayi, sinayankhidwe. Ndinalemba pa WhatsApp, uthenga sunawerengedwe. Pano ndikudziwa kuti akakhala pantchito foni amaisiya m'kabati, koma tsiku limenelo ndinkangoti atanganidwa ndi za mu ofesi. Ndiye musanene kuti ndinawadzidzimutsa dala. Ndinayesetsa.

Tinakwera sitima ija ya Gautrain pa Park Station, mphindi zochepa tatsika ku Rosebank. Tinalipo anthu 6, chifukwa panabweranso banja lina la Amalawi okhala konko. Pakhomo mtsikana wolandira alendo anafunsa ngati tinasungitsa malo. Ine ndinatchula dzina la achimwene, ndikuti ndife alendo a manijala. Mtsikanayo anati dzinalo sakulidziwa, ndipo manijala wawo ndi mzimayi. Pomwepo m'mimba munayamba kutentha, koma ndinadziuza kuti mwina ndi watsopano. Anatikhazika patebulo la pakona, mafoloko awiriawiri, mipeni iwiriiwiri, matambula aataliatali. Ndinali ndisanatsegule menyu pomwe ndinaona nsapato zakuda zitaima pambali panga. Nditakweza maso ndinapeza ndi achimwene, atavala epuloni yakuda yofika m'mawondo, kabuku ndi cholembera m'manja, pachifuwa pali kabaji kolembedwa dzina lomwe si lawo. Za dzinalo musandifunse, ndi nkhani ina yomwe sindingalembe m'nyuzipepala.

Maso athu anakumana. Sindikudziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji. Kenako anatipatsa moni m'Chingelezi, Chingelezi chosalala chomwe sindinawamvepo akulankhula, n'kuyamba kutchula zakudya zapadera za tsikulo, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anafunsa ngati tikufuna madzi wamba kapena a thovu aja. Akuthira madziwo m'tambula yanga, mayi aja anafunsa mokweza m'Chichewa kuti, "Nanga achimwene anu aja ali kuti?"

Ndinayankha kuti, "Zikuoneka kuti lero sali pantchito."

Ndi mawu omwewo basi. Dzanja lawo linali pafupi ndi tsaya langa, ndinkaona chipsera cha pachala chomwe anadzitema ndi chikwanje tili ana. Madzi sanatayike ngakhale dontho. Anamaliza kuthira, anapita kwa wina.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mundiweruze bwino. Bambo akunyumba amawadziwa alamu awo. Anakhala nawo pamphasa imodzi pokambirana za ukwati wathu. Iwo ndi mwamuna, akanatha kuimirira n'kuti, "Alamu, muli bwanji?" nkhani n'kuthera pomwepo, tonse n'kuseka. Koma anabisa nkhope mu menyu ngati akuwerenga Baibulo. Lero akuti ndinayamba ndine, iwo ankangonditsatira kuti asandichititse manyazi. Kodi zimenezo ndi zoona, kapena nawonso ankaopa anzawo a pandege aja?

Chakudya chonse chija chinali chilango. Anzathuwo ankaganiza kuti weta ndi wa ku Zimbabwe, ndiye ankalankhula Chichewa momasuka iye ali pomwepo. Bambo okhala ku Joni aja anati anyamata oterewa amakhala anthu asanu m'chipinda chimodzi koma kwawo amakanama kuti ndi mabwana. Onse anaseka. Ine sindinaseke, koma sindinatsutsenso. Mayi aja anaitanitsa nyama ya ng'ombe, atafunsidwa kuti ipse motani anayankha mwamatama mawu omwe anamva kwina, itabwera n'kuicheka n'kuona magazi, anayamba kukuwa kuti aibweze. Ankawaitana achimwene anga powakhwatchitsira zala ngati akuitana galu. Munthu wa zaka 41, imvi zitayamba m'mutu, n'kumati pepani madamu, pepani madamu.

Ine menyu inandisokoneza, mayina ake osadziwika, mitengo yake yoti mbale imodzi ndi mabulangete awiri oodetsa. Achimwene anaona kuti ndasowa chonena, anawerama pang'ono n'kunena m'Chingelezi kuti nkhuku yootcha ndi tchipisi ili bwino lero. Ndinangogwedeza mutu. Pobweretsa anaika pambali pa mbale yanga kambale ka madzi ofunda muli kachidutswa ka ndimu, ndi kena ka tsabola wodula. Palibe wina anapatsidwa zimenezo ndipo ine sindinapemphe. Amadziwa kuti nkhuku sinditha kudya ndi foloko ndi mpeni, amadziwanso kuti popanda tsabola chakudya sichinditsika. Ndikamalemba pano misozi ikugwera pa foni. Nkhuku ija ndinangoitsina kawiri.

Bilu inabwera ya R3,180. Mayi aja anati tigawane mofanana mabanja atatu. Mofanana bwanji, alangizi? Iwo anamwa vinyo mabotolo awiri ndi amuna awo, anayamba ndi timbale ta nkhanu za m'nyanja, anamaliza ndi keke. Ine nkhuku ndi madzi, bambo akunyumba nyama ndi Fanta imodzi. Titawerengera pathu sipakanapitirira R500, koma tinalipira R1,060, ndipo inatuluka mu mpamba wanga, ndalama yomwe ndinakongola ku banki m'khonde ndipo ndikuibweza ndi chiwongola dzanja. Bambo akunyumba anangondigunda ndi bondo pansi pa tebulo kuti nditulutse. Mpaka lero sanandibwezere ngakhale kwacha imodzi. Koma izi ndi zazing'ono, ndangozinena kuti mudziwe mtundu wa anthu omwe ndinakanira m'bale wanga.

Kenako inabwera nkhani ya tipu. Mkazi wa bambo okhala ku Joni aja, yekhayo amene anaonetsa umunthu, anati kuno mwambo wake ndi kuwonjezera 10 peresenti ya bilu chifukwa maweta amadalira imeneyo. Anzawo a bambo akunyumba anati kwathu kulibe zimenezo, komanso nyama inabwera yosapsa, n'kuponya R50 m'kabuku ka bilu. Achimwene anaitenga n'kuthokoza. Ine ndinali ndi R200 yomwe ndinapinda m'kachikwama ka m'manja, ya chakudya cha pobwerera. Anzanga atanyamuka ndinatsalira ngati ndikukonza nsapato n'kuilowetsa pansi pa mbale. Tili pakhomo ndinamva mapazi kumbuyo. Anali iwo, ndalama ija ili pa kambale, n'kunena m'Chingelezi pamaso pa onse kuti, madamu, mwaiwala ndalama yanu. Mayi aja mpaka anayamikira kuti mnyamatayu ndi wokhulupirika.

Tsiku lonyamuka sanabwere pa siteshoni. Nthawi zonse amabwera kudzandithandiza kumanga katundu ndi kukambirana ndi anyamata opakira. Anangotuma mnyamata wina ndi chikwama cha mayi, muli mafuta ophikira, shuga, sopo ndi juzi, monga amachitira ulendo uliwonse. Kwa ine kunalibe ngakhale moni. Ndalemba mauthenga 14, onse akuwerengedwa, yankho palibe. Ndikaimba imangoitana. Mwezi watha ndalama ya mayi, yomwe zaka zonsezi imadzera kwa ine pa Mukuru, anatumiza kudzera kwa mng'ono wanga. Mng'ono wangayo akundifunsa kuti mwayambana chiyani, ine ndikuti palibe.

Nthawi zina mtima umandiwawa ndi iwonso. Anatinamiziranji zaka zonsezi? Akanandiuza ine ndekha kuti chemwali, ntchito yanga ndi yoperekera zakudya, kodi ndikanawaseka? Ine wogulitsa masokosi a ana pamsika? Ndikanatseka pakamwa panga tsiku lija ndipo tikanakadya kwina. Bodza lawo ndi lomwe linanditengera pakhomo paja. Ndiponso iwo ndi amene anayamba kundipatsa moni ngati mlendo, ine ndisanatsegule pakamwa. Mwina ankafuna kuti ndichite zomwe ndinachitazo? Mwina dzina la pabaji lija ndi lomwe ankateteza? Ndimadziuza choncho, ndimapeza mpumulo mphindi zisanu, kenako ndimakumbukira kuti iwo anali pantchito, oyang'anira akuwaona, ine ndinali mfulu. Ndikanangoti, "Ndi awa achimwene anga." Ndikawerengera fizi yanga, malata a mayi, suti ya pachinkhoswe, ndimaona kuti zonsezo zinachokera mu timandalama tosiyidwa pansi pa mbale, R20 apa, R30 apo, munthu ataimirira mpaka pakati pa usiku. Satifiketi yanga ya Fomu 4 inagulidwa ndi pepani madamu.

Sabata yatha ndinapita ku Balaka kukasiya chikwama chija. Mayi anandifunsa ngati ulendo uno ndinafika ku ofesi kwa achimwene. Ndinati ee, ndinafika. Anafunsa ngati ili yaikulu. Ndinati yaikulu. Ndiye pano bodza lija ndalisenza ndine.

Kunyumba kuno nako zafika pena. Tikangosemphana pang'ono bambo akunyumba amati, "Kaitaneni a manijala adzatiweruze," n'kumaseka okha. Ndinawauza kuti ndikadzamvanso mawu amenewo ndidzalongedza, koma ndikalongedza ndikadandaule kwa ndani, poti nkhoswe yanga ndi yomweyo ndinaikana? Mayi a pandege aja timapemphera mpingo umodzi, ndipo Lamulungu lapitali anandifunsa pakhomo la tchalitchi ngati achimwene anamva kuti tinawaphonya. Ndinamwetulira n'kuti anadandaula kwambiri.

Ndithandizeni, alangizi. Kodi ndikongolenso ndalama ndikwere basi ndikawagwadire konko, ngakhale mpamba unatha ndipo sindikudziwa nyumba yomwe amagona? Ndikakawadikira pakhomo la lesitilanti ija sindikawaonjezera manyazi, kapena kuwaika m'mavuto ndi mabwana awo? Mayi ndiwauze zoona, kapena chinsinsicho ndi cha eni ake? Nanga mayi a kutchalitchi aja, ndikawauza kuti weta munkamukhwatchitsira zala uja ndi m'bale wanga, ndikhala ndakonza kapena ndawavula achimwene kachiwiri? Mu Disembala tikumanga chiliza cha bambo ndipo iwo analonjeza kalekale kuti adzabwera. Akadzatsika basi pa Balaka, anthu onse a pamudzi ali pomwepo, ndidzayambe ndi mawu ati?

Ndine,
Mayi wosowa mtendere, Blantyre