Lisiti la imelo si umboni woti kalata yawerengedwa

Wokondedwa Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndifotokoze za kachinthu kamene kakuyambanitsa anthu m'maofesi kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. Ndikunena lisiti la imelo, lija mapulogalamu amalitcha Read Receipt. Alembi a magulu a alimi, aphunzitsi aakulu ndi ogwira ntchito m'mabungwe ayamba kulikhulupirira ngati timizere tiwiri tabuluu ta pa WhatsApp. Likapanda kubwera, amati mnzawoyo akuchita dala kukhala chete. Likabwera, mtima umakhala m'malo poganiza kuti lipoti lawerengedwa. Konseku n'kulakwitsa, ndipo gwero lake ndi mmene chinthuchi chinapangidwira.

Pa WhatsApp wotumiza ndi wolandira amagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi ya kampani imodzi. Imelo siyenda choncho. Kalata imachoka pa kompyuta yanu kupita ku seva (kompyuta yaikulu yolandira ndi kutumiza makalata) ya amene anakupatsani adiresi, kuchoka apo n'kupita ku seva ya wolandira, ndipo iyeyo amaitsegula ndi pulogalamu iliyonse imene ali nayo. Mukapempha lisiti, pulogalamu yanu imangoika kamzere kobisika pamutu pa kalatayo, kotchedwa Disposition-Notification-To, kokhala ndi adiresi yanu. Ndi pempho basi. Ndondomeko yake, imene inalembedwa mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017, imalola wolandira kapena pulogalamu yake kulinyalanyaza pempholo, ndipo inu simuuzidwa kuti lakanidwa.

Malisiti alipo amitundu iwiri ndipo ambiri amawasokoneza. Delivery Receipt imachokera ku seva, kunena kuti kalata yafika m'bokosi la munthuyo. Read Receipt imachokera ku pulogalamu ya wolandira, kunena kuti kalata yatsegulidwa pa sikirini. Amene anagwirako ntchito nthawi ya buku la mesenjala amvetsa msanga: loyambalo ndi siginecha ya mlonda wa pageti, lachiwirilo ndi ya mlembi amene wang'amba envulopu. Palibe mwa awiriwa amene akulumbira kuti bwana wawerenga.

Kapemphedwe kake n'kosavuta. Mu pulogalamu ya imelo ya Outlook ya pa kompyuta, yakale ija imene ili m'maofesi ambiri, mukayamba kalata yatsopano dinani Options pamwamba, ndipo pa gawo la Tracking muona timabokosi tiwiri, Request a Delivery Receipt ndi Request a Read Receipt. Chongani kamene mukufuna musanatumize. Kalata ikapita simungalipemphenso. Mukafuna kuti makalata onse azipita ndi pempholi, pitani pa File, kenako Options, kenako Mail, n'kutsika mpaka pa Tracking. Izi sindingalimbikitse. Munthu amene kalata yake iliyonse, ngakhale yofunsa za nkhomaliro, imabwera ndi pempho la lisiti, anzake amazolowera kudina No osayang'ana n'komwe, ndipo tsiku limene adzatumize nkhani yaikulu adzadinanso chimodzimodzi.

Lisiti likabwera limagwera mu Inbox ndi mutu woyamba ndi mawu oti Read. Kuti muone onse amene atsegula, pitani mu Sent Items, tsegulani kalata munatumiza ija n'kudina Tracking. Batani limeneli silioneka mpaka lisiti limodzi litabwera, choncho musamalifunefune pasadakhale. Musafufutenso kalata ya mu Sent Items, chifukwa ndi pamene mndandandawo umasungidwa. Ngati mwatumizira anthu 40, dziwani kuti Inbox yanu ikhoza kulandira malisiti 40. Pa Tracking pomwepo pali posankha foda imene malisiti azipita akawerengedwa. Yang'ananinso nthawi yolembedwa m'lisitimo. Ikalembedwa kuti UTC yokha, wonjezerani maola 2 kuti igwirizane ndi ya ku Malawi. Ikalembedwa kuti UTC+02:00 Harare, Pretoria ndiye kuti ndi yathu yomwe. Pa nkhani ya lipoti limene limayenera kufika isanakwane 12 koloko masana, maola awiriwa amautsa mkangano wosafunika.

Mu Thunderbird, pulogalamu inanso ya imelo, polemba kalata dinani Options n'kusankha Return Receipt. Delivery Status Notification ili pomwepo.

Pa Gmail ndi pamene ambiri a ife timakodwa. Adiresi yaulere yothera ndi gmail.com ilibe popempha lisiti, ndipo ikalandira pempho siyankha. Mwayiwu uli pa maakaunti a kuntchito kapena kusukulu a Google Workspace okha, ndiponso pokhapokha woyang'anira makompyuta a bungwelo atautsegula. Ngati ndi wotsegula, polemba kalata pa kompyuta dinani timadontho titatu ta m'munsi n'kusankha Request read receipt. Tsono taganizani amene timawalembera kuno: mlembi wa komiti ya m'dera ku Makhuwira, wapampando wa gulu la alimi a thonje ku Ngabu, mphunzitsi ku Fatima. Ochuluka amawerengera pa foni ya Android ndi Gmail yaulere. Ngakhale atawerenga kalatayo katatu n'kuikopera m'kope, lisiti silidzabwera. Kuwaimba mlandu chifukwa cha zimenezi n'kuwalakwira.

Palinso zina zimene zimatsekereza lisiti. Ena adiresi yawo ya kuntchito anaikonza kuti izipititsa makalata ku Gmail yawo, ndiye amawerengera kumeneko. Makalata opita ku adiresi ya gulu kawirikawiri sabweza lisiti. Mabungwe ena amatseka dala malisiti opita kunja kwa bungwe lawo. Komanso munthu akatsegula kalata imene inatsika kale pa laputopu yake netiweki palibe, lisiti limadikira pa makinawo mpaka intaneti ibwerere. Kuno si zachilendo zimenezo. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndiponso Freddy atagwa mu Malichi 2023, magetsi ndi netiweki zinasowa masiku ambiri m'madera ena, pa nthawi yeniyeni imene malipoti a mabanja okhudzidwa amayenera kufika msanga ku khonsolo ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Choopsa kwambiri kwa ine ndi mbali inayo, lisiti lobwera pamene kalata sinawerengedwe. Outlook ikhoza kuika kalata m'gulu la zowerengedwa munthu akangodutsapo ndi kiyibodi pofuna ina ya m'munsi, ndipo ngati makinawo anakonzedwa kuti aziyankha okha, lisiti limanyamuka pomwepo. M'maofesi ambiri adiresi ndi imodzi, pasiwedi akuidziwa anthu asanu. Amene watsegula akhoza kukhala wophunzira ntchito amene amafufuza kalata yake. Ndipo lisiti silinena kanthu za fayilo imene munamata. Kalata ikhoza kutsegulidwa, koma Excel ya mndandanda wa mayina osatsika chifukwa bandulo yatha. Delivery Receipt nayo ili ndi chinyengo chake: imanena kuti kalata yafika ngakhale itagwera mu Junk kapena Spam, kumene Gmail imaifufuta yokha pakatha masiku 30. Mukaona lisiti la mutu woti Relayed, tanthauzo lake n'lakuti kalata yaperekedwa ku seva ya kumeneko koma sevayo sinanene kanthu. Limene limanena zomveka ndi la Not read, lobwera munthu akafufuta kalata osaitsegula.

Uthenga umene muyenera kuuwerenga mofatsa ndi uja ambiri amaufufuta chifukwa choopa Chingerezi chake, wochokera kwa Mail Delivery Subsystem kapena Mailer-Daemon. Ukanena kuti Address not found, nthawi zambiri ndi nambala 550, mwalakwitsa adiresi kapena inatsekedwa. Yang'anani kadontho ndi chilembo chilichonse. Ukanena kuti bokosi ladzaza, muimbireni mwiniwakeyo foni, chifukwa 15 GB imene Google imapereka mwaulere imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo zithunzi za pa foni zimaidzaza mwiniwake osadziwa. Ukanena kuti kalata yachedwa, musatumizenso kasanu. Seva imapitiriza yokha kuyesa kwa masiku angapo. Musanadzudzule aliyense, onaninso ngati kalatayo ili mu Sent osati mu Outbox. Fayilo yopitirira 25 MB Gmail siinyamula monga chomata, ndipo pa netiweki yofooka ngakhale yocheperapo imatha kukhala mu Outbox usiku wonse. Chepetsani zithunzi musanazimate.

Kwa olandira, nkhani ndi yosankha mmene pulogalamu yanu iziyankhira. Mu Outlook, pa Tracking paja, pali zosankha zitatu: Always send, Never send ndi Ask each time. Sankhani yachitatuyi. Always send imauza aliyense, kuphatikizapo akathyali otumiza makalata a mphoto zabodza, kuti adiresi yanu ndi yamoyo ndiponso kuti mumatsegula makalata nthawi yanji. Never send ndi yotetezeka, koma kwa wolandira makalata a ofesi imasowetsa mtendere anthu osalakwa. Thunderbird, pa Settings pamene palembedwa Return Receipts, imakulolani kusiyanitsa: kukana ngati dzina lanu silili pa To kapena Cc, kufunsidwa ngati wotumiza ndi wakunja kwa bungwe lanu, ndi kusankha pa ena onse. Ndi kakonzedwe kanzeru ndithu.

Ena atamva kuti Gmail yaulere ilibe lisiti amaika timapulogalamu towonjezera timene timabisa kachithunzi kosaoneka m'kalata. Kachithunziko kakatsika, wotumiza amauzidwa kuti kalata yatsegulidwa. Zimenezi n'kuzonda munthu osamupempha, ndipo sizodalirikanso. Wolandira akatseka zithunzi, simumva kanthu. Kuyambira 2021 pulogalamu ya Mail ya pa iPhone imatha kutsitsa zithunzizo yokha mwiniwake asanagwire foni, n'kukupatsani chizindikiro chabodza. Onjezani kuti timapulogalamuti timapempha chilolezo cholowa m'bokosi lanu lonse, mmene muli mayina ndi manambala a anthu olandira thandizo.

Pa kalata yofunika, pemphani yankho la munthu, osati la makina. Mutu wa kalata unene nkhani, dera ndi tsiku, monga "Lipoti la mbewu, Muona, 14 Novembala". Mzere woyamba, osati womaliza, upemphe kuti ayankhe pofika tsiku lakuti. Ngati fayilo ndiyo mwini nkhani, pemphani chinthu chimene angachidziwe pokhapokha ataitsegula: "Chonde tsimikizani chiwerengero cha mabanja chimene chili pa tsamba lachiwiri." Tsikulo likadutsa, imbani foni kapena tumizani SMS yotchula mutu wa kalata ndi nthawi imene munatumiza, kuti akaifufuze mu Spam. Yankho likabwera, lisungeni ngati PDF pamodzi ndi kalata yanu. Pakabuka mkangano, mawu amene munthu analemba yekha amalemera kuposa kamzere kotumizidwa ndi makina.

Pempho langa lipite kwa maofesi amene amalandira makalata ofunsira ntchito, makalata opikisanirana bizinesi (tenders) ndi malipoti okhala ndi tsiku lotsekera. Ikani yankho lodzitumiza lokha pa adiresi yolandirira. Mu Outlook ya bungwe lili pa File, kenako Automatic Replies. Mu Gmail lili pa Settings, See all settings, General, pamene palembedwa Vacation responder, ndipo limayankha munthu yemweyo kamodzi pa masiku 4. Lembanimo kuti kalata yafika, idzaonedwa pofika liti, ndi nambala ya ofesi yoimbapo. Ntchito yake siposa mphindi zisanu, ndipo wachinyamata wa ku Marka kapena ku Chapananga sadzafunikanso kulipira kabaza ndi minibasi kupita ku boma kukangofunsa ngati imelo yake inafika.

Ine wanu,
Mlangizi wa zamakompyuta,
Nchalo, Chikwawa