Kalata kwa Bwanamkubwa wa Chigawo cha Tete: tamoyo ta m'nthaka tiwerengedwe nato

Olemekezeka Bwanamkubwa,

Ndine mlimi wa soya ndi chimanga kuno ku Angónia, kufupi ndi Ulónguè. Mukadzatiyendera m'dzinja, ndidzakuzulirani tsinde limodzi la soya. Ku mizu mudzaona timibulu tonga mapira. Mukatiphwanya ndi chikhadabo n'kupeza mofiirira ngati nyama, ndiye kuti mabakiteriya a rhizobium ali pantchito, akutenga nayitrojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu. Feteleza ameneyu satidyera metikali ngakhale imodzi, ndipo chimanga chobzalidwa pamenepo chaka chotsatira chimachita kubiriwira.

Kunkhalangonso ndi choncho. Malemu mayi anga akafuna bowa ankalunjika pansi pa misuku ndi miombo. Ulusi wa bowayo umalukana ndi mizu, kuthandiza mtengo kumwa madzi ndi michere, mtengowo n'kumaudyetsanso. Paphiri pomwe anthu anaotcha makala, mitengo itatha bowa nayenso anasowa.

Kungoti ife tikamva za tizilombo tosaoneka ndi maso timaganiza kolera basi, kuiwala kuti thobwa sangasase popanda ito.

Mu Disembala 2022 ku Montreal, m'dziko la Canada, mayiko anagwirizana kuteteza magawo 30 pa 100 a mtunda ndi nyanja pofika 2030. Mu 2025 bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linakhazikitsa gulu la akatswiri loona za tamoyo tosaoneka ndi maso timeneti. Kuno tili ndi paki ya Mágoè kuyambira 2013, tilinso ndi ndondomeko yoti anthu a m'midzi azisamalira nyama zakutchire yotchedwa Tchuma Tchato, dzina lomwe Mchewa aliyense amalimva. Njovu ndi mvuu zili ndi ozilankhulira. Nanga dothi lomeretsa udzu umene zimadyawo?

Pempho langa, Bwana, n'lakuti dothi lilembedwe nalo m'mapulani a chigawo oteteza zachilengedwe. Potsegula mgodi, kaya wa malasha kaya wa golide, dothi lapamwamba lizisungidwa padera n'kubwezeredwa msanga, chifukwa likakhalitsa pamulu moyo wake umatha. Alangizi ndi mafumu atithandize kuletsa kutentha mapesi. Anyamata osaka mbewa amapsereza chakudya cha tamoyoti. Ndipo inokulanti, ufa wakuda uja timasakaniza ndi mbewu ya soya, azifika mvula isanagwe ndi kusungidwa pozizira. Chaka chatha ndinagula paketi yomwe inakhalitsa padzuwa pamsika, ndipo nditazula soya mu Febuluwale mizu inali yosalala, yopanda kambulu n'kamodzi komwe.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Angónia